Mafunso ndi mayankho: malamulo oteteza ufulu wa amayi padziko lapansi, ali ndi mano kapena angokhala pa pepala?

Mafunso awa ndi omwe ndimakumana nawo kawirikawiri nkhani ya jenda ikabuka, kaya ndi ku banki m'khonde, ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, olo mu minibasi. Ena amafunsa kuti adziwe, ena amafunsa atapsa kale mtima. Onsewo ndawayankha mmene ndingathere.

Zoti amayi akhale ndi malamulo owateteza zinayamba liti? Si zobwera ndi ma NGO dzanadzanali izi?

Ayi ndithu, ndi nkhani yakalekale ndipo inayambira pa voti. Dziko loyamba kulola amayi kuvota pa chisankho cha dziko lonse linali New Zealand mu 1893, ndipo sikuti aphungu anangodzuka tsiku lina atawakomera mtima ayi, amayi motsogozedwa ndi Kate Sheppard anayenda khomo ndi khomo kutolera ma siginecha pafupifupi 32,000, mapepala ake anachita kumatidwa pamodzi nkukulungidwa ngati mphasa kuti alowe nawo mu paliyamenti. Finland mu 1906 inalola amayi kuvota komanso kuimira, chaka chotsatira amayi 19 analowa mu nyumba ya malamulo. Ku Britain mu 1918 analola amayi a zaka 30 kupita mtsogolo okha, zofanana ndi abambo zinadzabwera mu 1928. Switzerland, dziko lolemera chonchija, inadikira mpaka 1971. Kuwait 2005. Ku Saudi Arabia amayi anavota koyamba mu 2015 pa chisankho cha makhansala, ndipo kuyendetsa galimoto analoledwa mu 2018. Ku South Africa azimayi achizungu ankavota kuyambira 1930 koma mayi wachikuda anaponya voti yake yoyamba mu 1994.

Nanga kwathu kuno mwaiwala? Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi, linachotsedwa mu 1993. Komabe mu Januwale 2012 mavenda ena anavula amayi ovala mathalauzi m'misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre, zaka pafupifupi 20 lamulolo litafa kale. Lamulo linasintha koma mitu ya anthu ena inatsalira.

CEDAW timangoimva pa wailesi pa 8 Malichi, tsiku la amayi padziko lonse, ndi chani kwenikweni?

Ndi pangano la United Nations lothetsa tsankho la mtundu ulionse kwa amayi. Linavomerezedwa pa 18 Disembala 1979 nkuyamba kugwira ntchito mu 1981, ndipo pano maiko 189 ali momo. Zambia inalowa mu 1985, Malawi mu 1987, Zimbabwe 1991, South Africa 1995, Mozambique 1997. Limakamba za sukulu, ntchito, chipatala, ndale, unzika, ukwati, komanso lili ndi ndime yapadera ya amayi akumudzi. Dziko likalowa limalonjeza kusintha malamulo ake ndipo zaka zinayi zilizonse liyenera kupereka lipoti ku komiti ya akatswiri 23 yomwe imakumana ku Geneva, akatswiriwo amafunsa mafunso nkulemba zomwe dzikolo liyenera kukonza.

Chomwe ambiri amadabwa nacho nchoti United States inasaina mu 1980 nthawi ya Jimmy Carter koma mpaka lero nyumba yawo ya Senate sinavomereze, nde ili gulu limodzi ndi Iran, Sudan, Somalia ndi Tonga omwe sali mu panganoli. Malawi naye polowa anaika kaye chodzitchinjirizira choti pa nkhani za miyambo yozama sakhudzidwa, anadzachichotsa mu 1991.

Nde dziko likasaina basi, ine nditha kupita nalo panganolo ku khoti?

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Kusaina ndi lonjezo chabe. Komiti ya ku Geneva ija ilibe apolisi, ilibe ndende, chida chake ndi kuchititsa manyazi basi. M'maiko ambiri omwe anatengera malamulo a ku Britain, ngati ife, pangano la kunja limakhala lamulo la dziko pokhapokha paliyamenti italilowetsa kudzera mu bilu yake. Nchifukwa chake Gender Equality Act ya 2013 ili yofunika, inatenga zambiri za mu CEDAW nkuzisandutsa lamulo lathu.

Koma ngakhale zili choncho majaji amatha kutsamira pa mapanganowa. Ku Botswana loya wina, Unity Dow, anakwatiwa ndi mwamuna wa ku America ndipo lamulo linkati ana ake obadwira muukwatimo sangatenge unzika wa mayi awo, pomwe bambo wa ku Botswana wokwatira mlendo ana ake ankatenga popanda vuto. Anasumira boma, anawina mu 1992 ku khoti la apilo, ndipo majaji anatchulako mapangano a kunja pogamula. Lamulo la unzika linasinthidwa mu 1995.

Ine lamulo lililonse ndimaliyeza ndi mafunso atatu. Ukaliphwanya chikuchitikira nchani? Mu bajeti muli ndalama zoliyendetsera? Mayi wa kumudzi akulidziwa? Likalephera pamenepa ndi galu wopanda mano, amangouwa.

Koma tinene zoona, si zachizungu zimenezi? Miyambo yathu nanga?

Funso ili ndimalilemekeza chifukwa ofunsa ambiri amakonda chikhalidwe chawo ndi mtima wonse. Koma taonani omwe anali kutsogolo. Msonkhano waukulu wa amayi wa ku Beijing mu 1995 mlembi wake wamkulu anali Gertrude Mongella wa ku Tanzania konkuno. Chigamulo nambala 1325 cha Security Council, nthambi ya zachitetezo ya United Nations, chokamba za amayi pa nkhondo ndi pa zokambirana za mtendere, chinadutsa mu Okutobala 2000 Namibia ili pa mpando. Ndipo pangano lolimba kwambiri pa nkhaniyi ndi lathu lomwe, Maputo Protocol, lomwe atsogoleri a African Union anavomereza pa 11 Julayi 2003 ku Mozambique nkuyamba kugwira ntchito mu Novembala 2005.

Maputo Protocol inanena zinthu zomwe CEDAW inangozizungulira. Inatchula mdulidwe wa atsikana kuti uthe. Inati msinkhu wolowera m'banja ndi zaka 18. Inati namfedwa asachitidwe zomunyazitsa, ana ake akhale m'manja mwake, apitirize kukhala m'nyumba yomwe ankakhala ndi malemu, ndipo akafuna kukwatiwanso akwatiwe ndi mwamuna wakumtima kwake. Amene analemba zimenezi amadziwa bwino za kulowa kufa ndi chokolo, sanachite kuziwerenga m'buku.

Palibe lamulo lomwe likuletsa chinamwali, ankhoswe, gule wamkulu kapena kulemekeza apongozi. Zomwe likuletsa ndi fisi, kusasa fumbi, kukakamiza namfedwa kugona ndi munthu. Ndipo mafumu ambiri anazikana okha zimenezi pomwe Edzi inayamba kutha anthu m'midzi. Tunisia, dziko la Asilamu, inaletsa mitala mu 1956 itangolandira ufulu. Chikhalidwe chimasintha m'manja mwa eni ake.

Rwanda imatchulidwa paliponse. Iwo anatani kuti amayi achuluke chonchija mu paliyamenti?

Analemba nambala mu malamulo oyendetsera dziko, sanasiyire zipani kuti zichite mwa kufuna kwawo. Nkhondo yopululana ya 1994 itatha otsala ambiri anali amayi, amasiye osamala ana, ndipo malamulo akale sankawalola kulandira malo a amuna awo kapena a makolo awo. Nde mu 1999 anakhazikitsa lamulo loti mwana wamkazi ndi wamwamuna alandire chuma cha masiye mofanana. Kenaka konsitityushoni ya 2003 inati amayi asachepere 30 pa 100 alionse m'malo opanga ziganizo, ndipo mwa mipando 80 ya aphungu, 24 inasungidwira amayi. Amayi anapikisananso pa mipando inayo nkuwina, moti mu 2008 Rwanda inakhala dziko loyamba padziko lapansi kukhala ndi amayi ochuluka kuposa abambo mu nyumba ya malamulo, 56 peresenti, ndipo mu 2013 anafika pafupifupi 64. Pomwe padziko lonse amayi m'mapaliyamenti angodutsako pang'ono gawo limodzi mwa anayi.

Sindibisa, ku Rwanda otsutsa boma sapuma bwino, nde pali ena amafunsa kuti aphungu amenewa ali ndi mphamvu zochuluka bwanji zotsutsana ndi boma. Funsolo nlomveka. Koma mwana wamkazi wa ku Kigali wakula akuona amayi atadzaza nyumba ya malamulo ngati chinthu wamba, ndipo chimenecho sichaching'ono.

Kusungira amayi mipando si kukondera? Bwanji osangopikisana?

Mpikisano umakhala wachilungamo ngati onse ayambira pa mzere umodzi. Kampeni imafuna ndalama zankhaninkhani, ma primary amayendetsedwa ndi akuluakulu a chipani omwe ambiri ndi abambo, ndipo mayi akangoima pa nsanja chipongwe choyamba chimakhala cha m'banja mwake kapena kumutchula hule, zomwe abambo safunsidwa. Nchifukwa chake maiko opitirira 100 ali ndi mtundu wina wake wa kota, kutanthauza gawo losungidwira amayi. Argentina ndi yomwe inayamba kuika mu lamulo la chisankho mu 1991, 30 peresenti. Senegal inakhazikitsa lamulo la theka ndi theka mu 2010 ndipo pa chisankho cha 2012 amayi anafika pafupifupi 43 peresenti, chifukwa mndandanda wa chipani wosatsata lamulo ankaukana basi.

Koma nkhani yomwe ndimafuna aliyense aimve ndi ya mmene zipani zimazembera. Ku Mexico mu 2009 amayi angapo atangowina anatula pansi udindo kuti amuna omwe anali achiwiri awo alowe, ena mwa iwo achibale ndi mabwana awo a kuchipani. Amayiwo anthu anawapatsa dzina loti Juanitas. Amayi a zipani zosiyanasiyana anagwirizana nkupita ku khoti la zisankho, khotilo linati wachiwiri kwa mayi azikhalanso mayi. Mu 2014 analemba theka ndi theka mu konsitityushoni, mu 2019 anazikulitsa kufika nthambi zonse za boma, ndipo mu 2024 Claudia Sheinbaum anakhala pulezidenti. Anatseka mpata umodziumodzi mpaka khoswe anasowa polowera.

Ku France lamulo la 2000 linangoti chipani chosaika amayi okwanira chidulidwe ndalama zochokera ku boma, nde zipani zikuluzikulu zolemera kwa zaka zambiri zinkangosankha kudulidwako. Ku India kuyambira 1993 gawo limodzi mwa atatu la mipando ya makhonsolo a m'midzi ndi la amayi, zomwe zinalowetsa amayi opitirira 1 miliyoni mu utsogoleri, koma m'madera ena mwamuna wa mayiyo ndi amene amakhala pa mpando nkumasaina. Ku Kenya konsitityushoni ya 2010 imati mbali imodzi isapitirire magawo awiri mwa atatu, aphungu akhala akuzengereza kupanga lamulo lake mpaka mu 2020 mkulu wa majaji David Maraga analangiza pulezidenti kuti athetse paliyamenti, ndipo sizinachitike.

Nanga 50-50 ya ku Malawi bwanji sikutheka?

Chifukwa ndi kampeni, si lamulo. Tinasaina pangano la SADC la 2008 lomwe linkati pofika 2015 tikhale theka ndi theka, koma pa chisankho cha 2014 amayi anatsika mpaka 32 mwa aphungu 193. Mu 2019 anakwerako kupitirira 40, nchaka chomwe Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi. Gender Equality Act imati polemba anthu ntchito m'boma mbali imodzi isapitirire 60 ndipo isachepere 40 pa 100 alionse, koma ndimeyi sikhudza chisankho. Mu 2017 Law Commission inapereka ganizo loti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando wa phungu wamkazi, ngati mmene Uganda amachitira, koma ganizolo silinasanduke lamulo. Tinakhalapo ndi pulezidenti wamkazi, Joyce Banda mu 2012, ndi mkulu wa majaji wamkazi, Anastasia Msosa mu 2013, nde nkhani yoti kulibe amayi oyenera ndi yabodza.

Nkhanza za m'banja si za ankhoswe? Boma likulowererapo chani?

Ankhoswe ali ndi ntchito yawo ndipo ndi yaikulu, kusamvana pa ndalama, pa ana, pa achibale, zimenezo nzawo. Koma munthu akathyola mnzake mkono umenewo ndi mlandu, olo akhale mwamuna wake. WHO imati mayi mmodzi mwa atatu padziko lapansi anachitidwapo nkhanza zomenyedwa kapena zogwiriridwa pa moyo wake, ndipo zambiri zimachitika m'nyumba.

Ku Brazil kuli mayi wina, Maria da Penha. Mu 1983 mwamuna wake anamuombera ndi mfuti kumsana ali mtulo, anapuwala miyendo mpaka lero ali pa wilutcheya, ndipo atabwerako kuchipatala bamboyo anafunanso kumupha ndi magetsi akusamba. Mlandu unakokedwa zaka pafupifupi 20 bamboyo akuyenda mfulu. Mayiyu sanatope, anakadandaula ku komishoni ya ufulu wa anthu ya maiko a ku America, yomwe mu 2001 inapeza boma la Brazil lolakwa chifukwa cholekerera. Mu 2006 Brazil inakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, lokhala ndi makhoti apadera komanso mphamvu zochotsa wankhanza pakhomo msangamsanga. Ku Morocco kunali ndime yoti wogwirira mtsikana apulumuke ngati wamukwatira. Amina Filali wa zaka 16 anamwa mankhwala a makoswe mu 2012 atakwatitsidwa kwa yemwe anamugwirira, anthu anadzaza misewu, ndimeyo inachotsedwa mu 2014, ndipo mu 2017 Tunisia, Jordan ndi Lebanon nawo anachotsa zawo. Zimandipweteka kuti malamulo ambiri abwino anachita kugulidwa ndi magazi a munthu.

Ife Prevention of Domestic Violence Act tinaipanga mu 2006, chaka chimodzi ndi Brazil. Majisitireti atha kupereka chikalata choletsa wankhanza kukuyandikira, athanso kulamula kuti iweyo ndi ana mukhale m'nyumbamo iye atuluke. Vuto nlakuti amayi ambiri amakachotsa mlandu okha chifukwa womangidwayo ndi yemwe amagula ufa, ndipo tilibe nyumba zokwanira zoti munthu athawireko usiku. Mawu aja oti banja nkupirira aika amayi ambiri m'manda.

Ndipo olo wolakwa akhale wovala yunifomu lamulo limafika. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, omwe anadandaula kuti apolisi anawagwirira ndi kuwachita zachipongwe, mothandizidwa ndi Women Lawyers Association, anawina ku High Court mu 2020 ndipo khoti linalamula kuti apepesedwe.

Mwamuna wanga akamwalira abale ake angandilande katundu?

Lamulo likuti ayi. Koma ndiyambe ndi zomwe ndinaona ndi maso anga lamulo latsopanoli lisanabwere. Amayi anga aang'ono amuna awo anamwalira titangokolola. Tsiku lachitatu maliro ataikidwa, ife tikutsuka mbale za anamfedwa kuseri, kunaima lole pakhomo. Alamu awo anayamba ndi mashini osokera, omwe mayi aang'onowo anagula okha ndi ndalama za mandasi, kenaka matilesi, wailesi, njinga, mpaka malata 12 omwe anasunga pansi pa bedi kuti adzafolere kitchini. Iwo anangokhala pa mphasa duku lakuda kumutu osatulutsa mawu, kamwana kawo ka zaka zisanu kakukoka mwendo wa mpando kuti asautenge. Ankati katundu ndi wa m'bale wathu. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankadziwa koti nkukadandaula.

Lero kuli Deceased Estates Act ya 2011. Ngati malemu sanasiye wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana, ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wotsalayo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akaseweza nawo kundende. Pa nkhani ya malo, Customary Land Act ya 2016 imati mu komiti ya malo ya m'mudzi, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa atatu akhale amayi.

Anzathu oyandikana nawo anadutsa momwemu. Ku Zimbabwe mu 1999 khoti lalikulu linagamula kuti Venia Magaya, mwana woyamba yemwe anasamala makolo ake, sangalowe m'malo mwa bambo ake chifukwa ndi mkazi, nyumba inapita kwa mchimwene wake wamng'ono wa kwa mayi ena. Chigamulochi chinakwiyitsa anthu dziko lonse lapansi. Ku South Africa zinayenda mosiyana, mu 2004 pa mlandu wa Bhe khoti la konsitityushoni linathetsa mwambo woti mwamuna yekha ndiye amalandira, ndipo ana awiri aakazi anatsala ndi malo a bambo awo ku Khayelitsha. India inapatsa ana aakazi a Chihindu gawo lofanana pa chuma cha makolo mu 2005.

Kwa ife a chikamwini tisadzinamize kuti zonse zili bwino chifukwa munda ndi wa mkazi. Wogulitsa fodya nkusunga ndalama amakhala ndani, wolamula pa malowo si amalume?

Mtsikana wa zaka 16 atavomera yekha, makolo avomera, vuto lili pati?

Vuto nlakuti ndi mwana. Thupi lake silinakhwime, nchifukwa chake m'mawodi a fistula mumapezeka atsikana ang'onoang'ono, ndipo sukulu imathera pomwepo. Ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 koma konsitityushoni inali ikulolabe wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, mpata umenewu unatsekedwa mu Febuluwale 2017. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana nkubwezera anawo kusukulu, mpaka kuimitsa mafumu ang'onoang'ono omwe ankalekerera, apo nde lamulo linaoneka mano ake.

Ku Zimbabwe amayi awiri omwe anakwatiwa ali ana, Loveness Mudzuru ndi Ruvimbo Tsopodzi, ndi omwe anapita ku khoti nkuwina mu 2016. Ku Tanzania Rebeca Gyumi anawina chaka chomwecho. Mozambique inaletsa mu 2019, Zambia mu 2023 kuphatikizapo maukwati a chikhalidwe, Sierra Leone mu 2024. Musaganize kuti ndi vuto la ku Africa kokha, England ndi Wales anakweza msinkhu kufika 18 mu 2023 mommuno. Koma mwana akachoka ku banjako nkupeza kunyumba kulibe chakudya, fizi kulibe, sekondale ili makilomita 15, amabwerera. Lamulo ili limayenda ndi basale ndi hositelo.

Za malipiro ofanana ndi tchuthi cha uchembere zili pati?

ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, inavomereza pangano la malipiro ofanana kalekale mu 1951. Ku Britain zinatengera amayi osoka mipando ya galimoto pa fakitale ya Ford ku Dagenham kunyanyala ntchito mu 1968 mpaka magalimoto anasiya kutuluka, ndipo Equal Pay Act inabwera mu 1970. Ku Iceland pa 24 Okutobala 1975 amayi 90 pa 100 alionse anasiya ntchito zonse tsiku limodzi, za ku ofesi ndi za pakhomo zomwe, abambo anapita ndi ana kuntchito. Dziko lomwelo kuyambira 2018 linayamba kukakamiza makampani a antchito 25 kupita mtsogolo kuti aonetse umboni kuti amalipira mofanana, osati wantchito azivutika yekha kufufuza.

Pa uchembere ILO imati masabata asachepere 14. Employment Act yathu imapereka masabata 8 pa malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 abambo ali ndi masabata awiri. Sweden imapereka masiku 480 oti makolo awiri agawane. United States ilibe lamulo la dziko lonse la tchuthi cholipidwa. Koma tikumbukire kuti amayi ambiri kuno ali kumunda, pa msika ndi pa ntchito za m'nyumba za anthu, komwe malamulowa safika kwenikweni. Wogulitsa tomato akachira sabata yomweyo ali pa benchi khanda kumbuyo.

Ife abambo nde tikuluza pamenepa?

Bambo, Gender Equality Act imateteza onse, ndime ya 60 ndi 40 ija imagwiranso ntchito komwe abambo achepa. Mwamuna womenyedwa ndi mkazi wake lamulo la 2006 limamuteteza chimodzimodzi. Mkamwini yemwe mkazi wake wamwalira nkuuzidwa kuti anyamule chikwama chake asiye nyumba yomwe anamanga ndi thukuta lake, lamulo la chuma cha masiye lili mbali yake. Ndipo mukadzatsogola inuyo, ana anu aakazi ndi mayi awo ndi omwe adzatetezedwe ku lole ija.

Lamulo likadutsa nde kuti zatheka mpaka kalekale?

Ayi. Ku Afghanistan a Taliban atabwerera mu Ogasiti 2021 atsikana analetsedwa sekondale, ndipo mu Disembala 2022 ma yunivesite anatsekedwa kwa amayi, m'dziko lomwe linali ndi aphungu aakazi ndi majaji aakazi. Turkey inali yoyamba kuvomereza pangano la Istanbul lothana ndi nkhanza kwa amayi, mu 2021 inatulukamo. Ku Gambia mdulidwe wa atsikana unaletsedwa mu 2015 koma mu 2024 kunabwera bilu yofuna kuchotsa chiletsocho, amayi omwe anadulidwapo anaima pa geti la paliyamenti kufotokoza zomwe anakumana nazo, ndipo mu Julayi aphungu anaikana biluyo. Akanakhala chete bwenzi itadutsa.

Ine munthu wamba ndiyambire pati?

Yambani ndi mapepala a pakhomo panu. Ukwati wanu, olo ndi wa chinkhoswe, ukhale ndi umboni. Poloti kapena nyumba ilembedwe maina awiri. Malisiti a zinthu zikuluzikulu musunge, mayi anga aang'ono aja analibe kapepala kalikonse ka mashini awo. Lembani wilo, sikudziitanira imfa ayi, ilembedwe bwino nkusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo kope ina ikhale kwa munthu wodalirika kunja kwa nyumba.

Zikavuta, ku polisi funsani Victim Support Unit. Ngati mwamenyedwa kapena kugwiriridwa pitani kuchipatala msanga musanasambe kapena kuchapa zovala, mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito mukayamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo lipoti la dokotala ndi lomwe limadzalankhula ku khoti. Ngati mulibe ndalama ya loya kuli Legal Aid Bureau, za kuchitidwa zachipongwe kuntchito muthanso kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Musapite nokha, tengani mnzanu woti azikalemba tsiku, dzina la ofesala yemwe wakulandirani ndi nambala ya mlandu. Ndipo phungu wanu akabwera kudzagawa nsalu, mufunseni kuti mu bajeti ya chaka chino Victim Support Unit ya kwanuko yapatsidwa ndalama zingati za mafuta a galimoto.